Maso a Ukonde Atatsekeka

Malindi,
Mangochi.
14 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene Oscar,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko ndipo chisanu chayamba kukuchitirani chifundo. Kuno tonse tili bwino, kupatula mwera umene wakhazika asodzi kumtunda sabata yathunthu.

Ndasankha kalata m'malo mwa foni chifukwa mawu anu ndimawaopa. Achimwene, ndinakunamizani. Pamene ndinkakuuzani mu Juni kuti ndabwera kumudzi kudzapuma, zoona zake ndinali nditathawa ku yunivesite, ndipo mumtima ndinali nditatsanzika. Musapse mtima msanga, werengani mpaka kumapeto.

Mumandiseka kuti zaka zisanu ndakhala ndikufufuza chinthu chimene ndimalephera kuchifotokoza kwa mlongo wanga. Lero ndiyesa. Tengani ukonde wa maso ofanana, muuyale pa chinthu chokhwinyata m'mbali ngati tsamba la mpiru. Kuti ukondewo ugone bwino, maso ena amayasama, ena amafinyika. Chokoma chake n'chakuti kayasamidwe ka masowo kamatsata samu yomweyo imene amatsata mafunde ena odabwitsa, amene akakumana amadutsana osaswana, lililonse n'kupitirira monga linalili. Ukawadziwa mafundewo, wadziwanso maonekedwe a chinthucho. Buku langa lonse la digiri ya udokotala wa masamu lagona pamenepo.

Tsono ndikukonzekera kukaima pamaso pa ondiyesa, ndinapeza kuti mutu wachinayi wa bukulo ndi wolakwika. Ndinalembamo kuti ukonde wanga ukhoza kutambasuka mpaka m'mphepete, koma nditawerengetsanso, pa mzere wa 23 maso ankatsekekeratu, ulusi kugundana ndi ulusi. A Pulofesa Sameer, amene amandiyang'anira, sindinawauze kanthu. Ndinangolongedza chikwama. Manyazi a kusukulu ndikanawapirira. Chimene chinkandidya ndinu, amene munasiya Folomu 2 n'kulowa m'bwato kuti ine ndipitirize. Ndikanakuyang'anani ndi maso ati?

Masabata atatu ndinkangodya n'kugona, amayi mpaka anayamba kundiyang'ana pamimba. M'mawa wina, poti mutu wozolowera masamu sumva kuletsa, ndinapinda mawaya ngati tsamba lija, n'kutsitsa kachidutswa ka ukonde kamene kanali kudenga kwa chipinda chanu chakale. Ndinayamba kukayala pakhonde. Ababa anali pambali, akusoka ukonde wa chilimira wa a Wadi, aneba athu aja, ndipo anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe Lusiya, sukulu yonse ija akuphunzitsa kuzunza ukonde?"

"Maso akutsekeka, ababa," ndinayankha. "Palibe chochita."

"Nanga si ukuumiriza? Akayamba kufinyika sudikira kuti atsekeke. Umabwerera m'mbuyo mizere iwiri, n'kuwonjezera maso pa mfundo imodzi. Tabweretsa kuno."

Anadula apa ndi apo, n'kuluka, akung'ung'udza kanyimbo ka kwaya. Pa mfundo imodzi panakumana maso asanu ndi limodzi m'malo mwa anayi. Kuyasama kumene kunkapanikiza maso anayi aja kunagawikana, ndipo ukonde unagona pamawaya ngati wausita. Zaka zisanu ndikukhulupirira kuti pa mfundo iliyonse payenera kukhala maso anayi, chifukwa ndi mmene ndinkajambulira papepala! Mwana wa wosoka maukonde, koma poti ndine mkazi, ulusi sanandigwiritseko n'kamodzi komwe.

Ndinadzitsekera masiku khumi ndikuwerengetsa, kenako ndinalembera a Pulofesa, n'kuulula zonse. Anayamba ndi kundikalipira za kuthawa, ndipo anakalipa bwino. Akuti mfundo zoterezi alipo akatswiri ena anaziganizirapo kale, ndisadzimve ngati ndatulukira moto. Koma njira yanga yopezera malo oziikapo, potsata samu ya mafunde ija, yaima. Mutu wachinayi ndaulembanso, ndipo akuti watuluka wabwino kuposa woyamba. Ndikayesedwa pa 22 Novembala. Achimwene, mtima wanga uli m'malo, ndipo chambo ndayambanso kuchimva kukoma.

Dzulo ndinawauza ababa chimene anachita. Anangoti, "Ndiye udokotalawo tigawana," n'kupitiriza kusoka. Patapita kanthawi anatenga kachidutswa kaja, n'kukatembenuza m'manja.

"Ukudziwa analuka ndani? Ndi Oscar, chaka chimene anasiya sukulu. Anausiyira pakati. Mfundo zake zimalimba kuposa zanga."

Sindinkadziwa, achimwene, ndipo ndinalira pakhonde pomwepo.

Amayi akupereka moni, akuti usipa wanu wouma ausunga. Mundiperekere moni kwa alamu anga a Edith ndi ana. Ababa mukuwadziwa, moni sapereka. Angoti ndikuuzeni kuti iwo anangokonza pakati, mizere ya m'mphepete sanaikhudze, poti ukonde wa mwini amamaliza mwini wake. Ndiye mubwere Novembala asanafike, chifukwa ukonde umenewo ndi umene ndikauyale pamaso pa ondiyesa, ndipo sindipita nawo wosatha.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Lusiya