Ghaith Wakwera Padenga

Achimwene Mufid,

Mtendere ukhale nanu. Ndikhulupirira kuti alamu ndi ana akudzuka bwino ku Kuwait kumeneko.

Ghaith wathu wabwerako kuchipatala! Mwana uja munamusiya akukoka botolo la mpweya, dzulo wakwera yekha masitepe onse mpaka padenga, n'kuyamba kukalipira nkhunda zake kuti zanenepa iye kulibe. Madokotala anamuika mapapo ena, kenako mafuta a m'mafupa, zonse za munthu mmodzi amene anamwalira. Akuti thupi lake likuphunzira tsopano kudziteteza ku matenda. Dzina la munthuyo sitilidziwa, koma timamupempherera tsiku lililonse.

Tinapha nkhosa ziwiri, mzinda wonse wa Irbid unakhamukira kuno. Vuto linali lakuti dokotala analetsa kumupsompsona mwanayo, ndiye ndinaima pakhomo ndi chipande m'manja. Azakhali a Nawal anati, "Iwe Ruwaida, mwana ndinkamusambitsa ndine, lero ndimupatse moni wapatali ngati wapolisi?" Ine ndinati, "Azakhali, psompsonani ineyo kawiri." Ghaith anaseka mpaka misozi, osatsokomola ngakhale kamodzi. Achimwene, ndinathawira kukhitchini kukalira.

Za ukwati wa Lujain wanga ndi Nidal wanu, nsalu ndinagula kale. Kungoti dokotala anandifunsa ngati ine ndi bambo ake a Ghaith ndife asuweni. Nditavomera anati matenda a Ghaith amayenda m'magazi a pachibale, ndipo atamva za ukwatiwu anapempha kuti Lujain ndi Nidal akayezetse magazi. Lujain sindinamuuze. Nsaluyo ndayamba ndaibisa m'sutikesi, mpaka mudzabwere.

Ndine mlongo wanu,
Ruwaida