Ine Si Kochi Uja

Lamlungu, 5 Okutobala

Tagonjanso dzulo, ziwiri kwa duu, koyenda. Ine mpira sindiutsata kwenikweni, koma timu ya dziko ikagonja ndimadziwa ndisanatsegule wailesi. Ndimaonera mmene anthu akundiyang'anira.

Vuto ndi nkhope yangayi. Chibwerereni kochi watsopanoyu ndilibe mtendere. Dazi lomweli, magalasi omwewa, kandevu ka imvi pachibwano komweka, ngakhale kuyenda kowerama. Mkazi wanga atamuona koyamba pa TV anandifunsa kuti, "Kodi bambo anu aja sanayendeko kwina?" Sindinaseke.

M'mawa pogula buledi, mwini okala akuti, "A Kochi, Chiphaliwali anakulakwirani chiyani?" Chiphaliwali ndi wogoletsa amene dziko lonse likumufuna, koma kochi amangomukhazika pa benchi. Ndamuuza, monga ndimamuuzira nthawi zonse, kuti ine ndimayeza madzi ku labotale. Iye akuti, "Mubwerere komweko, mpira wakukanikani."

Lolemba, 6 Okutobala

Mng'ono wanga waimba. Amayi akubwera Loweruka kuti Lolemba akawaone maso kuchipatala. Ng'ala yakula, msewu sangawoloke okha. Ndikawachingamire ku depoti madzulo.

Depoti ili kuseri kwa bwalo la masewero. Loweruka timu ikusewera pakhomo. Basi imafika nthawi yomwe anthu amatuluka m'bwalo.

Ndamupempha awakweze Lachisanu. Akuti basi yolunjika ndi ya Loweruka lokha, zinazo n'zosintha panjira, Amayi sangakwanitse. Mkazi wanga tsiku limenelo ali pa shifiti ku wodi. Ndiye kuti ndi ineyo basi.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Mu minibasi kondakitala wakuwa: "Akuluakulu, lero takwera ndi Kochi! Bwana, pitani kumbuyo, pa benchi, mumve mmene zimawawira." Onse kuseka. Nane ndasekako pang'ono kuti zithe. Koma bambo wina pafupi nane sanaseke. Wangoti chapansipansi, "Loweruka mukachitenso zomwezija, tionana."

Ndikudziwa kuti ambiri amangocheza. Kochi weniweni angapanikizike mu minibasi? Koma gulu likakwiya silifunsa chiphaso. Ndipo ine dzanja lina ndidzakhala nditagwira Amayi, lina chikwama. Kuthamanga sitingathe.

Kuntchito botolo limodzi ndaliyeza kawiri, kuiwala kuti ndaliyeza kale. Sizinandichitikirepo.

Lachitatu, 8 Okutobala

Chipewa sichithandiza. Kochi nayenso amavala, chofanana ndi changa, ndamuona mu nyuzipepala.

Lachinayi, 9 Okutobala

Nthawi ya nkhomaliro anzanga anatsegula pulogalamu ya zamasewera yoimba foni pa wailesi. Wina akuti kochi achoke lero lomwe. Wina akuti wogoletsa amene kochi akumukakamirayo amathamanga ngati wasenza ndowa ya madzi. Mayi wina analira kumene, akuti mwamuna wake timu ikagonja sayankhula mpaka Lachitatu.

Choipa n'chakuti dzulo ndinaonera masewera a Loweruka aja pa foni, kuti ndidziwe chimene ndikutukwanidwira. Ndipo ndaona mfundo yake munthuyu. Chiphaliwali analowa chakumapeto, koma akataya mpira amangoima, manja m'chiuno, sabwerera kukathandiza kumbuyo. Ndanena zimenezi mu kantini. Kenako dalaivala wathu: "Mwayamba kudziikira kumbuyo eti?" Pakamwa pangapa!

Poweruka ndinadzera ku depoti kukaona malo. Chipata chakumbuyo amakhoma ndi tcheni. Cholowera n'chimodzi, choyang'ana kubwalo. Matakisi amaima patsidya pa msewu, patali ndithu kwa munthu wosaona bwino.

Kuchoka apo ndalowa kometa. "Zonse, bwana?" Zonse. Ndevu zimene ndinayamba kusunga ndili ku koleji zagwera pansalu ngati zachabechabe. Mkazi wanga akuti ndikuoneka ngati mwana wa fomu wanu wokalamba. Palibe kanthu. Mtima wakhalako pansi.

Lachisanu, 10 Okutobala

Tsiku lokoma mpaka madzulo. Mu minibasi palibe anandicheukira. Mwini okala anandipatsa buledi ngati munthu wamba.

Kenako nkhani za pa TV. Kochi akuyankhula ndi atolankhani za mawa. Wameta. Chibwano see! Akuti akufuna anyamata aone kuti tayamba zatsopano.

Mkazi wanga anaseka mpaka kutsetsereka pampando, misozi mbwembwembwe. Ataona nkhope yanga analeka. Waimbira anzake awiri kuti asinthane shifiti, onse akana. Ndiye wandiuza kuti, "Mutenge chiphaso cha kuntchito, muchiike m'thumba la malaya, osati la thalauza." Ndinali nditachiika kale.

Loweruka, 11 Okutobala, m'mawa

Ndikupempherera timu imene sindinaipemphererepo. Chigoli chimodzi chokha, Ambuye, ngakhale cholowa ndi bondo.

Loweruka, madzulo

Amayi akusamba, ndilembe msanga.

Tagonja, chimodzi kwa duu. Ndinamvera pa wailesi ya wogulitsa masiwiti, nditabisala kuseri kwa kanyumba ka matikiti. Chiphaliwali anadziwongola m'mbali mwa bwalo chigawo chachiwiri chonse, osalowa. Wenzulo itangolira, basi nayo iyo.

Amayi anatsika pang'onopang'ono, akufufuza sitepe ndi phazi. Nditawagwira mkono anandisisita kumaso, n'kuima pachibwano. "Ndiwe yani? Wanga ali ndi ndevu." Ndinati ndine, Amayi, tiyeni msanga. Mawu anawazindikira.

Tinangofika pachipata. "Uyo! Kochi uyo!" Posakhalitsa tinali pakati. Majezi, mbendera, fungo la thukuta ndi mowa. Botolo lapulasitiki linandimenya paphewa. Ndinatulutsa chiphaso, kuchikweza m'mwamba, palibe anachiyang'ana. Chimunthu china chachitali, chopaka utoto kumaso, chinandiimirira kutsogolo: "Tiyankheni, bwana. Chiphaliwali bwanji? Tikulakwirani chiyani ife?" Maso ake anali ofiira, ngati analira.

Mawu amene ndinakonza sabata yonse, akuti ine si iyeyo, ine ndi wa ku labotale, ndinawaiwala onse. Zala za Amayi zinali zitandilowa m'mkono. Ndinangomva pakamwa panga pakuyankhula mokweza, mawu osakhala ngati anga:

"Mwanena zoona. Ndalakwitsa. Masewera akubwerawa ayamba ndi iyeyo. Koma mukamuuze azibwerera kudzathandiza anzake kumbuyo, asamangoima manja m'chiuno. Tsopano ndipatseni njira, amayi angawa saona."

Wina kumbuyo anaphulika kuseka. Wina akuti, "Apo mwanena, ulesi ali nawo mwana uja!" Anayamba kukangana okhaokha. Wamtali uja anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira dazi mpaka nsapato zanga zakuthazi. Sindikudziwa ngati anakhulupirira. Anangotenga chikwama cha Amayi n'kuchisenza. "Apatseni njira a Kochi ndi mayi awo!" Anaimitsa magalimoto ndi dzanja, kutiwolotsa, kutitsegulira chitseko cha takisi.

Takisi inanyamuka, tinadutsa mlatho. Ndinkadikira kuti Amayi andifunse za bodza lija, kapena za ndevu. Anandigwira bondo.

"Walonjeza pagulu," anatero. "Ukamuikedi mnyamatayo. Ife kwathu pa wailesi tatopa."

Ndinati, "Ndamva, Amayi."