Mkazi Mnzanu Wasiya Kuimba

Amayi, kodi kumene muliko mukukhala bwanji? Kuno ku Kanyama, ku Lusaka, madzi aphwa, kwatsala matope ndi udzudzu, ndipo ife tilipo.

Ndiyambe ndi zabwino, popeza n'zochepa. Mkazi wanga Esinati anabereka mwana wamkazi patapita miyezi iwiri chikuikireni m'manda. Tinamutcha dzina lanu. Mphumi ndi yanu, ndipo akakwiya salira, amangomuyang'ana munthu mpaka munthuyo apepese. Nyumba yathu sinagwe ndi mvula, ngakhale ziwiri zoyandikana nafe zinagwa. Ufa tikuupeza, bola munthu alawirire pamzere, khadi la chipani lili m'thumba. Sopo tinamuona komaliza pa Khirisimasi.

Ntchito ndikadali nayo, kubwalo lija la kunja kwa tauni kumene azungu ndi mabwana atsopano amawombera timbale tadothi Loweruka. Bwana akakuwa, ine ndimamasula makina, kambale kamauluka, iye amakaswa kapena kukaphonya. Akakaphonya, olakwa ndi makina. Akatopa amapita kukamwa, ine n'kutsala ndikutsuka mfuti zawo. Paja munandifunsa kuti, "Yota, sukulu yonse ija inali yoti uzikaponyera akuluakulu mbale zoti aswe?"

Koma chimene ndakhalira pansi n'kulemba ndi nkhani ya mkazi mnzanu.

Dzina limeneli munaipatsa ndinu mfuti ya atate, chifefe chija cha mipope iwiri, chifukwa ankachigoneka pambali pawo ndi kuchisisita kuposa mmene ankakuyang'anirani inu. Atate atamwalira, abale awo ankadikira kuti mupereka mfutiyo kwa mwamuna. Inu munakwera njinga mpaka ku boma ku Katete, n'kubwerako laisensi italembedwa dzina lanu. Munati, "Ndapirira naye zaka zonsezi, lero ndimupereke kwa wina?" Kuyambira pamenepo nguluwe za m'phiri zinaudziwa munda wanu, zinkadutsa patali kukadya kwa anthu ena.

Zonse zimene ndimadya nazo lero ndinaphunzira pakhonde panu. Kuti mpope wakumanja umamwaza, ndi wa nyama yapafupi, ndipo wakumanzere umasonkhanitsa, ndi wa yakutali. Kuti pa zipolopolo zake, katiriji wa njere zing'onozing'ono ndi wa nkhanga, wa njere zikuluzikulu ndi wa nguluwe. Kuti mtengo wake uziukanikiza paphewa, ukaunyengerera umakumenya. Mukawomba, tsiku lomwelo munkalowetsa kansanza pa kansungwi, kenako madontho a mafuta a makina osokera, osati ambiri. Ndipo chaka chilichonse dzinja lisanayambe munkachotsa mipope, kuipachika pa chingwe, n'kuigogoda ndi supuni yanu ya tiyi. Munkati, "Tamvera. Akamaimba ngati belu la kutchalitchi, ali bwino. Tsiku limene adzangoti phu ngati khasu long'aluka, usadzamuwombenso." Kuntchito ndinapeza mzungu wina wokalamba akuchita zomwezo ndi kiyi wa galimoto. Anadabwa kuti ndikuzidziwa. Sindinamuuze kuti mphunzitsi wanga sanapiteko kusukulu.

Panali lamulo linanso, limene ndikuchita manyazi kulilemba. Munkati, "Usamufunditse. Chitsulo chimatuluka thukuta ngati munthu."

Mutadwala munabwera naye kuno mutamukulunga m'mphasa, poopa kuti mukamusiya kumudzi amalume amutenga. Mawu anu omaliza omveka bwino sanali a ine kapena a Esinati. Munati, "Ukamubweze kwa mlongo wako Tisauke mvula isanagwe. Munda ndi wake tsopano." Ndinavomera mosavuta. Ndinkaona ngati ndi nkhani yongokwera basi.

Ndinapita kupolisi kuti laisensi ichoke m'dzina lanu. Anandiuza mwaulemu kuti ndibwere ndi kalata ya tcheyamani wa chipani wa chigawo chathu. Tcheyamaniyo mukumudziwa, yemwe uja analankhula nthawi yaitali pamaliro anu kuposa abusa. Atamva anamwetulira n'kunena kuti, "Ba Yotamu, mfuti mu komboni? Vinthu vavuta manje. Leta kuno nikusungile, kalata tizaona mailo," kutanthauza mawa. Ndinakumbukira njinga ya munthu wina imene anaisunga chaka chatha, imene mpaka pano akuisungabe poikwera. Ndinamuuza kuti mfutiyo inabwerera kale kumudzi ndi anthu a maliro, ndimangofuna mapepala. Anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana. Kalata sinalembedwe.

Kenako ndege zankhondo za boma la azungu la kumwera zinaphulitsa misasa ya omenyera ufulu kunja kwa tauni. Pamsewu wopita kwathu panadzaza asilikali, akumasula katundu aliyense, ngakhale mphasa. M'makomboni anayamba kusecha nyumba ndi nyumba. Munthu wopezeka ndi mfuti yolembedwa dzina la munthu wakufa sakanafunsidwa mafunso ambiri. Esinati anali ndi khanda la milungu itatu.

Ndiye Lamulungu lina masana, anthu ali kutchalitchi, ndinatenga mkazi mnzanu uja, ndinamupaka mafuta, n'kumulowetsa m'thumba la pulasitiki la feteleza, ndi kumanga pakamwa ndi mphira zolimba. Ndinakumba pansi pa bedi. Mukudziwa nthaka ya kuno, ukangokumba pang'ono wafika pamwala, choncho dzenjelo silinapite patali. Osecha atabwera sanapeze kanthu. Tcheyamani anali nawo, ndipo anaima phazi lake lili pamphepete penipeni pa dzenjelo. Tsiku limenelo ndinadziona wochenjera kwambiri.

Ndinaiwala kuti ku Kanyama madzi sachokera kumwamba kokha, amatulukanso pansi. Mvula itakhazikika, analowa m'nyumba mpaka m'mawondo. Bedi tinaliika pa njerwa. Mabanja awiri amene nyumba zawo zinagwa anadzakhala nafe, anthu khumi ndi mmodzi m'zipinda ziwiri, ndipo mmodzi wa iwo ndi mlamu wake wa tcheyamani. Ndikanakumba bwanji, pansi pa madzi, pamaso pa anthu? Miyezi itatu ndinkagona pamwamba pake ndikudziwa chimene chikuchitika pansipo, ine amene ndimakalipira mabwana mumtima akasiya mfuti m'chikwama chonyowa tsiku limodzi lokha.

Nthawi yonseyi mlongo wanga Tisauke ankalemba. Kalata yoyamba inali ya moni ndi kukumbutsa. Yachiwiri inati nguluwe zamva kuti inu kulibe, zatha mbali yonse ya kumtsinje. Yachitatu inati alamu, amuna ake, asamukira kumunda ndi mkondo ndi chitini chogogoda, koma nguluwe zazolowera chitinicho, ndipo nkhokwe chaka chino sifika ndi pakati pomwe. Ali ndi ana anayi, Amayi. Pansi pake analemba kuti, "Achimwene, mfuti ya amayi ili kuti?" Makalata onse atatu ndinayankha chimodzimodzi, kuti mapepala akuyenda.

Alendo athu anachoka sabata yatha, ndipo ndinakumba. Madzi analowera pamfundo paja, ndipo atalowa pulasitiki anawasunga bwino, sanatulukenso. Mtengo unali utatupa n'kuda. Mipope inali yofiira ngati dothi la kwathu. Masiku awiri ndinaipala ndi burashi ya kuntchito, mpaka kunja kunayamba kuwala, ndipo mtima unayamba kundinamiza. Koma nditaloza mipopeyo kudzuwa n'kusuzumira mkati, ndinaona maenje okhaokha, ngati chimanga chimene anankafumbwe amaliza. Ndinatenga chingwe, ndinaipachika pa mtanda wa denga, ndinatenga supuni yanu ija. Ndinagogoda kamodzi. Ndinagogodanso, ngati kuti mwina sanamve.

Wasiya kuimba, Amayi.

Esinati akuti ndingomutumiza basi misewu ikatseguka, poti kunja akuoneka bwino ndipo kumudzi akudikira. Sindikumuda, akuganiza za ana a Tisauke. Inenso ndinaganizapo, ndisakunamizeni. Ndikanamupukuta, ndikanamupereka, aliyense akanati Yotamu wasunga mawu a mayi ake. Koma alamu akanalowetsamo katiriji wa njere zikuluzikulu, ndipo dzanja lawo lamanzere likanagwira pamalo pomwe chitsulo chapyapyala kwambiri. Kuntchito ndinaonapo mpope ukung'ambika m'manja mwa munthu. Zala zake tinazitola pa udzu. Kuwauza kuti angoopsezera osawomba n'kutaya mawu. Palibe munthu angaone nguluwe ikudya chimanga cha ana ake, mfuti ili m'manja, n'kukumbukira malangizo a mlamu wa ku Lusaka.

Choncho dzulo ndinachotsa tizitsulo tiwiri tija timabaya katiriji kuti aphulike, n'kutiponya m'chimbudzi, kuti ndisasinthe maganizo. Mipope ndikaiponya m'dzenje lina la madzi mwa aja amatsala anthu akaphwanya miyala. Mfuti ina yoti ndigule kulibe. M'masitolo mulibe ngakhale katiriji, ndipo zimene mabwana amagulitsana okhaokha si za munthu woponya mbale. Loweruka likubwerali ndidzaimanso kuseri kwa makina, kumvera akuluakulu akuwomba makatiriji mabokosi athunthu pa timbale tosadya chimanga cha munthu. Awiri okha mwa amenewo, mumfuti yabwino, akanapulumutsa munda wanu.

Mtengo wokha ndausunga. Pali malo ena osalala pamene tsaya lanu linkakhudza, madzi sanawawononge.

Mkazi mnzanuyu munamusunga kwa abale a atate, munamusunga kwa amalume, munamunyamula m'basi muli ndi malungo. Ine ndamusunga kwa tcheyamani ndi kwa asilikali, ndipo ndamupha ndekha ndi thumba la feteleza. Sindikupempha kuti mundikhululukire, ndikudziwa mmene mukundiyang'anira. Mdzukulu wanu amandiyang'ana chimodzimodzi m'mawa uliwonse.

Ndikulonjezani chinthu chimodzi chokha, chifukwa zambiri sindingakwanitse. Ndikamaliza kalata ino ndilembera Tisauke, ndipo mawu oti mapepala sadzakhalamo. Ndimuuza kuti asadikirenso, mfuti ya amayi kulibe, ndipo anaiwononga ndine. Tchuthi chikapezeka ndidzapita ndi ufa umene ndingaupeze, ndikakhale kumunda ndi alamu, tizikagogoda chitini tonse awiri.

Supuni yanu ndaitsuka. Mwana akayamba phala azidzadyera yomweyo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Yotamu