Chiliza ndinachimanga kumapazi kwa bambo anga

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 41, Mkatolika wa ku Nguludi, ndimagwira ntchito m'sitolo ya nsalu ku Limbe. Ndalakwira munthu wakufa, ndipo amoyo akundizenga mlandu.

Bambo anga anali Msilamu. Anakwatira mayi anga nakhala chikamwini, koma banja linatha ndili ndi zaka zisanu. Anabwerera kwawo cha ku Magomero, nakakwatira kwina. Ine ndinakula ndi katekisimu, komabe sananditaye. Tsiku la ukwati wanga anapalasa njinga, nadzaima pansi pa mtengo kunja kwa tchalitchi Misa yonse, kofia ili kumutu. Ndinachita manyazi ndi anzanga a kwaya, moni wake ndinawapatsa ngati wa munthu wodutsa. Chaka ndi chaka ankatumiza mawu: "Ubwere pa Idi, udzadye mpunga ndi abale ako." Chaka ndi chaka ndinkayankha kuti kusitolo kwachuluka ntchito.

Anamwalira chaka chatha m'mawa, ine abwana atandituma ku Lilongwe. Pomwe ndimafika anali atawaika kale. Kwathu maliro amagona, timadikirana. Uko ayi.

Kwathu mwana wolongosoka amadziwika ndi chiliza. Mwezi watha ndinatenga Overtone, mmisiri amene timayimba naye kwaya. Kwa amfumu ndinapempha zokakonza pamanda a bambo, za simenti sindinatchule. Ndinkafuna abale adzangoona kukongola kwake. Pamandapo panali miyala iwiri yofanana, wina uku wina uku. Overtone anayang'ana dzuwa nati, "Mutu kumadzulo, achimwene. Ziliza ndamanga zambiri, izi sindifunsa." Tinaika matailosi, ndipo kumadzuloko tinaimika mwala wa dzina ndi chithunzi chawo. Mtanda sindinaike, ndipo ndinadziona wanzeru.

Titamaliza ndinagwada, ndinagwira mwalawo n'kupepesa zonse: za pansi pa mtengo zija, za mpunga umene sindinakadye. Ndinadzuka mtima utapepuka koyamba chimwalirireni bambo.

Patapita masiku awiri anaimba foni Hanifa, mlongo wanga wa mayi ena. Anati, "Achimwene, mwala wanu uli kumapazi. Mutu wa ababa uli kumene munkakandira simenti."

Bambo aang'ono, Che Ahmed, sanakweze mawu. Anati, "Munthu tinamuika ndi sanda yokha kuti agone padothi ngati wina aliyense. Iwe wamumangira bafa. Ugumule ndi manja ako sadaka ya chaka isanafike. Ukapanda kutero usadzapondenso pano."

Mkazi wanga Ellina akuti, "Iwowo anakudikirani poika? Musagumule." Abwana anga ndi Ahindu. Pofuna kunditonthoza anati, "Ife timawotcha, phulusa kumtsinje. Kulibe mutu, kulibe mapazi." Sindinatonthozeke.

Sadaka ili m'masabata awiri. Ndikagumula, palibe chilichonse changa chimene chitsale pamanda a bambo anga. Ndikasiya, ndataya abale amene sindinawadziwe n'komwe. Ndipo kupepesa kwanga kuja, kunapita kuti? Ndithandizeni.

S.N., Nguludi

A S.N.,

Pepani ndi maliro, ndipo pepaninso ndi Overtone. Mmisiri wonyadira kuti safunsa ndi woopsa paliponse, koma kumanda ndiye kwambiri, chifukwa mwini nyumba sangadzuke kudzamuuza kuti khomo waliyang'anitsa kolakwika.

Tiyambe ndi zimene kusukulu sanakuphunzitseni. Akhristu ambiri timagoneka mutu kumadzulo kuti pa tsiku lomaliza munthu adzadzuke atayang'ana kotulukira dzuwa. Msilamu amagonekedwa chammbali, kudzanja lamanja, nkhope kuloza ku Maka. Kuchokera kuno ku Maka ndi chakumpoto, kotero mutu umagwera kum'mawa. Mzikiti uliwonse umene mumaudutsa pa minibasi popita ku Limbe umaloza komweko. Tabadwira pakati pa matchalitchi ndi mizikiti, timagulana tomato, timakwatirana, koma timafa osadziwa kuti mnzathu amagona choyang'ana kuti.

Tsono musabisale kumbuyo kwa kampasi. Cholakwa chachikulu si madzulo ndi m'mawa. Munalowa m'manda a eni ndi matumba a simenti mutabisa mawu. Munkafuna adzaone kuti mwana wa ku Nguludi uja si munthu wamba, ndipo aonadi. Che Ahmed akuchitirani ulemu: wina akanagumula yekha n'kukutumizirani zidutswa pa kabaza. Iwo akuti mubwere, mugwire ntchitoyo nokha. Mawuwo ndi owawa, koma muli kuitana m'kati mwake.

Gumulani. Koma musanyamuke ndi hamala mawa m'mawa ngati mukukabwezera. Tengani amalume anu, akakhale pansi ndi Che Ahmed, ndipo wotchula tsiku akhale Che Ahmed. Mukapepese za kubisa mawu, osati kukafotokoza ubwino wa matailosi. Chithunzi muchotse bwinobwino, mupite nacho kwanu, mukachipachike pabalaza pamene anzanu a kwaya adzachione ndi kofia yake yomwe. Kenako mufunse, ndikuti kufunsa, ngati angalole kamwala kakang'ono ka dzina lokha, kumutu kwenikweni. Asilamu ena amalola, ena ayi. Akakana, mwakanidwa. Musakatenge mavesi.

Za sadaka funsani Hanifa chimene chikusowa. Ngati ndi mbuzi, ipite ikuyenda ndi miyendo yake, akazinge okha mwa chipembedzo chawo. Musaiphere ku Nguludi poganiza kuti mukuwapeputsira ntchito, mwawapeputsira zokwanira. Akakuuzani kuti vulani nsapato, vulani, ndipo mukhale pamene akulozerani. Chikatolika chanu sichisungunuka ndi mpunga wa tsiku limodzi.

Mayi Ellina akulankhula chifukwa chokukondani, koma auzeni kuti sanakusaleni poika. Msilamu amaikidwa mwamsanga, ngakhale mwana wake woyamba ali ku Joni. Abwana anunso musawanyoze. Anthu awo alibe chiliza choti n'kukagwadapo, komabe makolo awo amawakumbukira chaka ndi chaka. Simenti si imene imasunga munthu.

Funso lanu lomaliza ndilo sindingalikometse. Ansembe angakuuzeni zawo, ashehe zawo, ine ndilibe foni ya kumanda. Chimene ndikudziwa n'chakuti bambo anu anali ndi makutu zaka zonse zimene ankakuitanani, ndipo mawu amene munanena mutagwada aja ankafunika nthawi imeneyo. Mwala ukanakhala kumutu, mukanachedwabe. Zimenezi muziyenda nazo, ndipo si sadaka kapena Misa imene idzakutuleni msanga.

Sindikulonjezaninso kuti mukagumula adzakulandirani ndi manja awiri. Mwina adzakupatsani mbale, n'kumayankhula Chiyao modutsa pamutu panu mpaka mutatsanzika. Pitanibe, ndipo chaka chamawa mudzapitenso.

Chenjezo langa ndi ili. Tsiku lina mudzafuna kufunsa Hanifa za masiku otsiriza a bambo anu. Mwina adzakuuzani kuti ankakutchulani. Mwina adzakuuzani kuti anali atasiya kalekale. Musafunse musanakonzeke kumva chachiwiricho, ndipo akakuuzani, musadziteteze.

Aphungu