Chigamba pa Jekete ya Ivy

Lolemba, 11 Januwale 1982

Ndawotcha jekete ya Ivy, mdzukulu wanga. Yatsopano ija, yakuda, yofufuma ngati buledi, imene anamugulira mayi ake pa Khirisimasi.

Ndinaichapa, itauma ndati ndisite. Kwathu ku Ntcheu chovala chosasita sichikhudza thupi la mwana, mphutsi zimalowa m'khungu. Ndangoika simbi pamsana, nsalu yakwinyika n'kumatirira. Bowo ngati chikhatho changa. Nthenga zangoti mbwee m'khitchini monse. Ndimadziwa bwanji kuti azungu amavala nkhuku?

Lachiwiri, 12 Januwale

Mpongozi wanga Dainess, mayi ake a Ivy, wabwera kuchokera ku ntchito ku chipatala cha ku Edmonton maso ali psuu ndi tulo. Sanakalipe, bola akanakalipa. Wangondifunsa mwaulemu kuti mayi, ntchentche mwaiona kuti mu Tottenham muno chibwerereni? Ndamuyankha kuti sanaione chifukwa ine ndimasita.

Jekete ina sigulidwa mpaka mwezi uthe. Ivy wapita kusukulu ndi kabuleza kokha, sinoo, matalala ofewa a kuno aja, mpaka m'akakolo.

Lachitatu, 13 Januwale

Mawondo akundipweteka. Mwana sakundilankhula, ngakhale m'Chingerezi chake chija.

Lachinayi, 14 Januwale

Ndatsegula sutikesi. Chitenje changa chamaluwa achikasu, chimene ndinaberekera Felton, bambo ake a mwanayu, ndi chokhacho chatsala cha kumudzi. Ndachidula pakona. Nthenga ndatola pansi pa firiji, zina ndaba m'pilo wa Felton, sadziwa, mutu wake ndi wouma kale. Ndasoka tsiku lonse, mizere yopingasa kuti nthenga zisatsikire pansi, monga anachitira opanga jeketeyo. Kulowetsa ulusi pa singano ndiye nkhondo, maso anapita.

Chigamba chakongola, ndisaname. Ivy wachiyang'ana, wanena mawu atatu, wakwera m'mwamba. Felton wakana kundimasulira.

Lachisanu, 15 Januwale

Jekete ili pa msomali. Mwini wake akutsokomola ngati galimoto yakale.

Dainess wandiuza tili awiri kuti kusukulu Ivy amamuseka kale, dzina la bambo ake amalitchula mokhota dala. Ndiye abwere ndi maluwa achikasu pamsana? Ine ndati asekedwe ali wofunda. Koma nsima ya mawu amenewo sinatsike bwino, tiyi ndamusiya.

Loweruka, 16 Januwale

Chifuwa chakula. Akagona m'chipatala mwana uyu, wachititsa ndine.

Lamulungu, 17 Januwale

Sindinapite ku tchalitchi, miyendo yakana. Masana Ivy walowa kuchipinda kwanga osagogoda, jekete kukhwapa. Chigamba changa wasomola yekha ndi kalumo ka zikhadabo, ntchito ya tsiku lonse. Ndinati nditsegule pakamwa, ndipo zinalipo zoti ndinene. Waika pabedi siketi yake yakale yasukulu, yakuda, waloza bowo.

Chitenje changa ndadulira chabe, ndati. Wamva, amamva zonse ameneyu. Watenga kachidutswa kachikasu kaja, watembenuza jekete, wakaika mkati, mbali yogunda msana. Chakuda cha siketi kunja.

Ndafunafuna magalasi. Iye wanyambita kale ulusi, walowetsa kamodzi kokha.

"Agogo, sokani."

Ndamuuza kuti ndatopa, asoke yekha, ine ndigwira nsalu. Mzere woyamba wakhota ngati njira ya woledzera. Tasomola. Wayambanso.