Wolowa Osanena Odi

Amama,

Kodi mukukhala bwanji kumeneko? Pepani ndi zilembo zokhotazi. Mukudziwa kuti sukulu ndinalekezera panjira.

Ku Manyamula chimanga chachita bwino, koma soya anapserera. Ng'ombe yanu yamawanga ija yabereka. Achimwene akadali ku Joni, foni amaimba mwa apo ndi apo.

Ine ndikukhala ku Boma ndi mdzukulu wanu Tiwonge. Kuntchito anamupatsa kompyuta yonyamula m'manja, ndipo pagalasi pake anaikapo chithunzi chanu chija munavala duku loyera lakutchalitchi. M'mawa akapita kosamba amaisiya yoyaka, ine n'kukhala pamaso panu kumakuuzani zonse. Ndi mmene ndinakuuzirani kuti Tiwonge ndi woyembekezera. Abwana ake sakudziwa, ndipo pantchitopo akadali kumuyesa, sanamukhazikitse.

Sabata yatha ndili pakati polankhula nanu, kamuvi kapagalasi kanayamba kuyenda kokha. Nkhope yanu inachoka, kunatseguka zina. Ndinakuwa chomene. Tiwonge anaseka mpaka misozi, n'kundiuza kuti ndi munthu wa kuofesi yawo ku Lilongwe, akukonza makinawo ali konko. Akuti m'kati mwenimweni mwa kompyutamo muli kachipangizo komulola kulowa, nthawi zina ngakhale itazimitsidwa. Ndinamufunsa ngati munthuyo amamvanso mawu. Kuseka kunathera pomwepo. Anati sakuganiza choncho, koma sakudziwa bwinobwino.

Amama, inu munkabweza ngakhale abusa akafika pakhomo osanena odi. Munkati abwerere kumsewu akayambirenso. Nanga uyu ndimubweza bwanji, nkhope yake sindikuidziwa? Kompyutayo ndinaikulunga m'chitenje chanu chobiriwira, koma Tiwonge akuti nsalu siitchinga chilichonse. N'chifukwa chake ndagula pepalali. Muno palibe angalowemo ali ku Lilongwe.

Mwanayo sanandikalipire. Wangoti mawa akawauza yekha abwana, asanamve kwa wina. Ntchitoyi ikamuthera, pakamwa poithetsa ndi panga. Kaya munthu uja anamva, sindikudziwa. Kaya abwana ayankha chiyani, sitikudziwanso.

Ndimakukondani, Amama, ndipo ndakusowani. Khandalo likabadwa lalikazi, dzina ndi lanu. Ndidzakwera njinga kudzakuuzani ndekha pamanda panu paja, posagwira netiweki.

Yewo,
ine mwana wanu,
Esinati