Magalasi Atatu Kumbali ya Achimwene

9 Sepitembala, Lachiwiri

Wabwera lero wogulitsa mazenera uja, amene mwana wanga Ylva anamutuma. Dzina ati Pontus. Nsapato zonyezimira, mano oyera mbee, chikwama chodzaza timabuku. Khofi makapu atatu, mabanzi anga a sinamoni anayi. Pakudya pokha ndiye katswiri.

Mazenera asanu ndi awiri. A magalasi awiri, makorona 68,000. A magalasi atatu, 85,000. Ati, "Mayi, kuno ku Lycksele masiku ano palibe amene amagula awiri." Ndamufunsa ngati galasi lachitatulo limaphikanso khofi. Waseka ngati ndamulipira kuti aseke.

Nyumba ino anamanga ndi bambo mu 1952, mazenera ake ndi omwewa. Palibe amene anafa ndi kuzizira muno.

12 Sepitembala, Lachisanu

Foni ya Ylva kuchokera ku Umeå, mphindi makumi anayi. Nzeru zonse za m'tauni. Ati mafelemu awola, ati kutentha konse kukuthawira panja, ndikuwothetsa akhwangwala moto wanga, ati, "Amayi, gulani atatu mupume." Zowola ndavomera, chala chimalowa m'thabwa ngati mu buledi. Koma atatu? Awiri andikwana. Sindikufuna kukhala m'botolo.

Achimwene lero ayamba molawirira. Seveni isanakwane ali kale pakhonde pawo kutsidya kwa msewu, kukuwa: "Gunvor! Uli moyo?" Chimwalilireni akazi awo, zaka zisanu ndi chimodzi tsopano, tsiku lililonse funso lomwelo. Ine ndimagogoda pagalasi kawiri kuti akhale chete. Munthu wa zaka 79, dzina lonse Helge Lindmark, mawu ngati ng'ombe yaimuna. Mudzi wonse umadziwa kuti ndadzuka ndisanatsuke n'komwe m'kamwa. Zimandinyansa.

17 Sepitembala, Lachitatu

Kwa mnzanga Majken masana. Anaika atatu chaka chatha, ndipo sanalekebe kuwalalikira. Wandikhazika pazenera ngati kukanema. Lole ya mitengo yadutsa, makapu osagwedezeka, phokoso zii. Ati, "Ndimagona ngati mwana, mnzanga." Kudzitama ngati galasilo anaumba yekha. Keke yake youma.

Koma bata lija landitsata mpaka kunyumba.

Achimwene akuwa katatu lero. Koyamba za moyo wanga. Kachiwiri magalasi awo a maso asowa (anali pamphumi). Kachitatu kufunsa ngati lero n'Lachinayi. Kuwoloka msewu ayi, kuimba foni ayi, ati foni ndi ya anthu akutali. Kukuwa basi.

Ndamuimbira Pontus. Asanu a magalasi awiri, kumbali ya nkhalango. Awiri a magalasi atatu, kukhitchini ndi kuchipinda, kumbali ya msewu. Ati, "Chifukwa cha malole, eti mayi?" Ndati eya, malole.

4 Okutobala, Loweruka

Loweruka loyamba la Okutobala, tsiku loika mazenera a m'kati, owonjezera otchinga kuzizira. Ndinaiwaliratu. Achimwene sanaiwale. Naini koloko ali pakhomo, sikuludiraiva m'thumba, mapepala omatira m'mphepete, thonje, ndi kamtolo ka maluwa ouma oika pakati pa magalasi monga ankachitira mayi. Ntchito yawo ya chaka ndi chaka: kutsitsa mazenera kudenga, kupukuta, kundikalipira kuti ndagwira mopendeka.

Ndawauza kuti chaka chino palibe, atsopano akubwera kumapeto kwa mwezi, osafuna thonje kapena maluwa. Anayang'ana sikuludiraiva ija kanthawi. Ati, "Ndiye ine yanga yatha?" Ndati athokoze, msana wawo upume. Khofi anamwa theka. Thonje alisiya patebulo.

Andimvetsa chisoni pang'ono, sindinama. Koma munthu angasunge mazenera owola kuti mchimwene wake apeze chochita? Zamkutu.

28 Okutobala, Lachiwiri

Aika. Amuna awiri, tsiku limodzi, wailesi yawo kulira tsiku lonse, matope mpaka pakapeti. Akale ndawaunjika m'shedi ya nkhuni, kutaya ndiye ayi.

Achimwene tsiku lonse pampanda kuyang'anira ngati kapitawo. Madzulo abwera kudzagogoda galasi la kukhitchini ndi ndodo yawo. Ati, "Limeneli ngakhale mfuti siingalowe. Chakuopsa n'chiyani, iwe?" Ndati mphepo.

30 Okutobala, Lachinayi

Bata. Bata lenileni. Ndikumva wotchi yapakhoma, yomwe ndinkayesa yosalira. Dzulo seveni koloko ndawaona pakhonde, pakamwa kutseguka n'kutsekeka ngati nsomba, mawu osafika. Ndakweza dzanja, ndabwerera ku khofi wanga. Ndaseka ndekha mpaka misozi. Majken akanene zake, apa ananena zoona.

Chodabwitsa chimodzi. Lero m'mawa galasi lonse mbuu, mame aundana kunja kwake, msewu osaoneka. Ndamuimbira Pontus kuti wandigulitsa zowonongeka. Ati ayi, ndiye umboni wa zenera labwino, kutentha sikukutuluka n'komwe, lidzayera lokha dzuwa likakwera. Ndiye kuti ndalipira zikwizikwi kuti ndisamaone kunja mpaka teni koloko. Nzeru za anthu ophunzira. Komabe zandikomera: osawamva, osawaona, khofi wanga mwamtendere.

2 Novembala, Lamulungu

Chipale choyamba. Achimwene kutchalitchi andinong'oneza, kunong'ona kwawo komveka mpaka kuguwa: "Masiku ano suyankha." Ndawauza kuti ndikafa adzamva belu. Sanaseke.

6 Novembala, Lachinayi

Chipatala. Achimwene, fupa la m'chiuno. Sinditha kulemba.

9 Novembala, Lamulungu

Ndilembe, mwina ndipuma.

Lachinayi lija kunazizira, madigiri naini pansi pa ziro. Galasi mbuu monga mwa masiku onse. Ndinakhala patebulo, nyuzipepala, khofi makapu awiri, kenako kukanda mabanzi. Ndinkaimba. Ndikukumbuka bwino kuti ndinkaimba.

Teni koloko galasi linayamba kuyera chakumwamba. Ndinaona chipewa chawo chofiira pansi, pafupi ndi geti langa. Kenako mwendo.

Anaterereka pa madzi oundana cha m'ma eyiti. Ankabwera kuno. Zaka zisanu ndi chimodzi osawoloka msewu kudzafunsa funso lawo lija, tsiku limenelo anawoloka, chifukwa anakuwa kwa ola lathunthu ine osayankha, ndipo pagalasi panalibe dzanja. Ankabwera kudzaona ngati ndili moyo.

Kuchoka pomwe anagwa kufika pazenera la kukhitchini, masitepe khumi ndi anayi. Ndawerenga dzulo, kawiri. Anagona pamenepo maola awiri. Ndodo anaiponya kuti imenye zenera, inamenyadi, kachizindikiro kalipo pafelemu. Ine ndinamva kakuti tu, ndinayesa mbalame.

Milomo yabuluu, mawu atatheratu, akungotulutsa mpweya. Ndinawafunditsa chikhoti changa mpaka ambulansi inafika. Sanandiyang'ane mokwiya, ndiye chikundipweteka kwambiri.

11 Novembala, Lachiwiri

Opaleshoni yayenda bwino, akutero. Chifuwa ndiye chagwidwa, chibayo. Zala ziwiri za kudzanja lamanzere sakudziwa ngati zipulumuke.

Mawu abwerera pang'ono, okhwekhwereza. Ndakhala pambali pa bedi ola lathunthu, kukamba za chipale, za mphaka wawo amene ndikudyetsa. Potuluka andikoka mkono wa juzi. Ati, "Mazenera akowo ngabwino, Gunvor. Sanakubere." Anamwetulira. Ndikanakonda akananditukwana.

Ylva pafoni ati si mlandu wanga, aliyense akanagula. Sadziwa kuti asanu enawo ndi a magalasi awiri. Sadziwa chimene ndinasankhira atatu kumbali imodzi yokha. Pontus anauzidwa za malole. Pano palibe wina woti ndimunamize.

14 Novembala, Lachisanu

Namwino wamkulu ati achimwene sangakhalenso okha, masitepe a pakhonde sangawathe. Akufunafuna malo kunyumba yosungira okalamba m'tauni. Makilomita makumi atatu. Ndati abwere kwa ine, chipinda cha Ylva chili chabe. Achimwene apukusa mutu. Ati, "Iwe umakonda bata." Mawa ndikayesanso, ndi mkucha, mpaka atatopa nane.

Kapepala ka Pontus kafika m'bokosi, kofunsa ngati ndakhutira, ndichonge nyenyezi zingati mwa zisanu. Ndayatsira moto.

Thonje lija ndaliyala pazenera la kukhitchini, maluwa ouma pamwamba pake. Palibe mpata woika pakati, magalasi ake ngomatiratu. Zangokhala poyera ngati zotayika.

15 Novembala, Loweruka

Seveni koloko isanakwane ndatsegula zenera lonse, la magalasi atatu lija. Madigiri thwelofu pansi pa ziro. Ndakhala patebulo ndi chikhoti, chipewa, khofi kuzizira m'manja. Akhwangwala awothe moto wanga mmene angafunire.

Seveni yakwana. Lole imodzi yadutsa, ndaimva bwinobwino. Galu wa Majken wauwa kutali. Pakhonde pa achimwene chipale chosapondedwa.

Ndagogoda pagalasi kawiri.